Makatuni akale aja, tiwaonetse ana kapena tiwabise?

Mayi_wa_Mapasa
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Alamu anga anandiikira makatuni akale pa flash kuti ana azionera holide ino, ambiri ndi a Tom and Jerry, ena a Bugs Bunny. Poti nanenso ndinakula nawo, sindinakayikire kanthu. Koma dzulo ndikusita pabalaza ndinaponyako maso, ndipo zina zandikhumudwitsa. Bomba likaphulika, Tom akumatuluka mu utsimo nkhope ili bii, milomo ikuluikulu, ana anga n'kumafa nako kuseka. Chinanso, mayi wakuda wonenepa uja amene amathamangitsa Tom ndi tsache, nkhope yake saionetsa, timangoona miyendo ndi masilipasi. Mwana wanga wamkazi wandifunsa kuti, "Amama, amenewa ndi antchito?" Ndasowa pogwira. Ndifufute zonse kapena ndikungokulitsa nkhani?

Mbatata_Yootcha
Mukukulitsa nkhani mayi. Ndi mphaka ndi khoswe basi. Ifeyo tinaonera zomwezo ku video show titapanikizana pa benchi, palibe anapita nazo kuchipatala.

Pensulo265
Mayi, maso anu aona bwino. Nkhope yakuda ya milomo yotambasuka ija sinabwere chifukwa cha utsi wa bomba wokha. Ku America kunali zisudzo zotchedwa minstrel kuyambira cha m'ma 1830, momwe azungu ankadzipaka zakuda kumaso, kudzijambula milomo ikuluikulu, kenaka n'kumavina ndi kuyankhula mopotoza poyerekeza kapolo wopusa, waulesi, wongosekerera zilizonse. Zisudzozi zinatchuka zaka zambirimbiri, ndipo anthu amene anayamba kujambula makatuni m'ma 1920 ndi 1930 anakulira momwemo. Owonera a nthawi imeneyo akaona Tom wada nkhope ankadziwa amene akusekedwa.

Za mayi uja. Tom and Jerry anayamba 1940 ku situdiyo ya mafilimu ya MGM, eni ake William Hanna ndi Joseph Barbera. Mayiyo anthu amamutchula Mammy Two Shoes. Mawu ake anali a Lillian Randolph, mayi wakuda wodziwika pa zisudzo za pa wailesi, koma dzina lake silinkalembedwa pa katuniyo. Anaoneka komaliza 1952. M'ma 1960, pokonza makatuniwo kuti azionetsedwa pa TV, m'malo ena anamujambulanso n'kumusandutsa mzungu, mawu n'kusinthanso. Patsogolo pake anabwezera zithunzi zoyamba zija koma anaikapo mawu a mayi wina wakuda, Thea Vidale, oyankhula Chingerezi chosapotoza. Ndiye zimene zili pa flash yanu zitengera komwe alamu anu anazikopera.

Mbatata_Yootcha
Achimwene a Pensulo mwayankha ngati muli pa mayeso a MSCE kkkk. Mwana wa zaka zisanu za 1830 azidziwira kuti?

Namwino_wa_ku_Leeds
Za 1830 sazidziwa, koma amaona chimene anthu akuseka. Inu a Mbatata munkaonera pamalo pomwe aliyense pa benchipo anali wakuda, ndiye nthabwalayo inalibe woti imugwere. Kuno mwana wanga ndi wakuda yekha m'kalasi mwake. Katuni yoteroyo itati ionetsedwe mmenemo, ana onse atembenuka kuyang'ana iyeyo.

Madala_a_ku_Ndirande
Ana inu, TV kuno kwathu inayamba 1999, ife tili pabanja kale. Tom ndinamudziwira pa matepi a VHS omwe ankabwera ndi anthu ochokera ku Joni ndi ku Harare. Ndinene zoona, mayi ujayo sindinamuonepo ngati wantchito. Kwa ine anali mwini nyumba. Akakuwa kamodzi Tom amanjenjemera mpaka kumchira. M'nyumba monsemo wolamula anali iyeyo. Kaya ojambulawo ankafuna tione chiyani, ife tinkaona mayi woti usamuchitire chibwana.

Pensulo265
Madala simuli nokha pa maganizo amenewo. Pali katuni ina ya 1950, Saturday Evening Puss, momwe mayiyo amavala zibangili ndi mphete n'kupita kokasewera makadi ndi anzake, Tom n'kutsala akuchititsa phwando. Zimaoneka ndithu kuti nyumbayo ndi yake. Mu yomweyo ndi momwe nkhope yake imaoneka kamphindi kochepa, akuthamanga kubwerera kunyumba. Koma thupi lake, epuloni, kayankhulidwe, zonsezo anazitenga pa chithunzi chakale cha mayi wakuda wolera ana a mzungu m'minda ya thonje, wooneka wokhutira ndi ukapolo wake. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linadandaula nazo nthawi yomweyo. Kudandaulaku sikunayambe ndi ana a pa Facebook ayi.

Wa_ku_Chipata
Ife ku Zambia TV tinali nayo kale imwe mukalibe kuiganizira, osakwiya a Malawi. Ine za mayi uja sizinanivute maningi. Zamene zinaniwawa nitakula ni za Africa. Katuni yakale ikangofika ku Africa, upeza anthu ovala udzu, fupa pamphuno kapena m'tsitsi, avina mozungulira mphika waukulu, mumphikamo muli muzungu. Jungle Jitters ya 1938 ili tero. Mickey Mouse nayenso ali nayo yake ya 1932, Trader Mickey. Zaka zamenezo anthu akwathu anali m'migodi ya ku Copperbelt, ena anali aphunzitsi ndi makalaliki, 1935 a m'migodi anachita sitiraka mpaka boma la atsamunda linanjenjemera. Koma mwana wa ku Chicago zamene anaphunzira za ife ni mphika uja chabe.

Kachiwala
Kkkk a Chipata, TV munayamba ndinu koma chambo mumadzachifunabe kwathu.

Wa_ku_Chipata
Tibwerekeniko nyanja Loweruka limodzi, tikupatseni Victoria Falls.

Gondwa_Wamkulu
Tabwererani ku nkhani abale. Jungle Jitters ili m'gulu la makatuni 11 a Warner Bros omwe kampani ya United Artists inachotsa pa TV mu 1968. Anthu amawatchula Censored Eleven. Imodzi mwa iwo ndi ya Bugs Bunny weniweniyo, All This and Rabbit Stew ya 1941, momwe mlenje ndi mnyamata wakuda wochedwa kuganiza amene Bugs amamudyera zovala zonse pa juga. Ndiye mayi unikani bwino flash yanuyo, chifukwa ngakhale TV inazikana, pa intaneti zili mbwee.

Koma ine kubisa sindikugwirizana nako kwenikweni. Amasankha ndani kuti ichi n'chonyoza? Cartoon Network inasiya kuonetsa Speedy Gonzales mu 1999 poopa kuti akunyoza anthu a ku Mexico. Amene anadandaula kuti abwerere anali anthu olankhula Chisipanishi omwewo, bungwe lawo la LULAC lili momwemo, ndipo 2002 anabwereradi. Kwa iwo kakhoswe kaja n'kangwazi, tsiku lililonse kamapusitsa mphaka wa ku America. Ofuna kuwateteza sanawafunse n'komwe.

Namwino_wa_ku_Leeds
Speedy amapambana a Gondwa. Munthu wa fupa pamphuno uja anapambanapo liti?

Gondwa_Wamkulu
Chabwino, nanga akhwangwala a mu Dumbo ya 1941? Kupatula kakhoswe kamnzake, ndi iwowo amene anamvera chisoni kanjovu kaja n'kukathandiza kuuluka. Floyd Norman, wojambula wakuda amene analowa ku Disney m'ma 1950, wakhala akuwaikira kumbuyo poyera. Komabe mtsogoleri wawo m'mapepala a situdiyo anamulemba dzina loti Jim Crow, dzina lomwe la malamulo a tsankho a ku America, ndipo mawu ake anali a mzungu, Cliff Edwards, akuyeserera kuyankhula ngati wakuda. Zonse ziwiri n'zoona. Tifufute chiti tisiye chiti?

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza
Ine ndiikepo ina imene imandipweteka kuposa milomo ya Tom. Tonse pano tinamvapo nthano ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala, n'kumadzaba madzi anzake atapita, mpaka anamutchera ndi ulimbo. Kumenya ndi dzanja, lakanirira. Kumenya ndi mwendo, wakanirira. Atamugwira anawapusitsanso, kuwauza njira yoti amuphere imene inali yomupulumutsa. Nthano ya mtundu umenewu inawoloka nyanja ndi akapolo. Sindikunena kuti inanyamuka kuno ku Dedza, poti akapolo ambiri a ku America anatengedwa kumadzulo ndi pakati pa Africa, koma kalulu wochenjera ali m'madera ambiri a Africa muno. Ku Georgia anasanduka Br'er Rabbit, ulimbo unasanduka chidole cha phula. Mtolankhani wachizungu Joel Chandler Harris anazimva kwa akapolo ali mnyamata pa munda wina, n'kudzazisindikiza m'buku cha m'ma 1880. Disney inatenga m'menemo n'kupanga Song of the South mu 1946, mbali ina anthu enieni, mbali ina katuni.

Vuto la filimuyo si kaluluyo ayi. Ndi nkhalamba yosimba nthanozo, Uncle Remus, imene imaoneka yokondwa zedi kukhala pa munda wa azungu, kumangoimba ndi kusangalatsa mwana wa bwana. James Baskett, amene anasewera mbali imeneyi, sanakhale nawo pa tsiku loonetsa filimuyo koyamba ku Atlanta chifukwa mzindawo unali wa tsankho. Anamupatsa mphoto ya Oscar yapadera mu 1948, chaka chomwecho n'kumwalira. Lero Disney filimuyo inaitsekera, pa Disney+ simungaipeze. Potsekera Uncle Remus anatsekera Kalulu momwemo. Ana a m'kalasi mwanga amamudziwa bwino Bugs Bunny, koma ndikawauza kuti kalulu wopusitsa zilombo zazikulu agogo awo ankamusimba kalekale pamoto, amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza.

Kachiwala
Tili tonse aphunzitsi! Koma kwathu anamugwira ndi Kamba. Anadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala chete pachitsimepo, Kalulu kumayesa mwala.

Nachisale_Area25
Ayi, kwathu chinali chidole. Agogo ankati anachiumba n'kuchiimika m'munda wa mtedza momwe ankaba.

Madala_a_ku_Ndirande
Zonse zilipo, nthano imatengera pakamwa pa wosimba. Inu mukulimbirana Kamba pamene ana anu sadziwa kuti munthu akati "padangokhala" amayankha chiyani.

Mbatata_Yootcha
Kunena za pakamwa, anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja ndi akatswiri. Jackie Chan kumayankhula za ku Bangwe, Rambo kumadandaula ngongole ya katapila ali pakati pa nkhondo. Ngati mukufuna kudzimva m'kanema, kumeneko ndiye tinadzimva.

Kachiwala
Wina anamasulira filimu yonse osamva Chingerezi chake, nkhani anangopeka yake, ndipo inakoma kuposa yeniyeniyo kkkk.

Nachisale_Area25
A Mbatata mwandikumbutsa chomwe ndimafuna kunena. Anyani amasekana zikundu. Tamverani zisudzo zathu pa wailesi ndi timavidiyo timene timatumizirana pa WhatsApp. Akafuna munthu wopusa amamupatsa kayankhulidwe ka mtundu wina kapena chigawo china. Mlonda ndi wantchito wa m'nyumba nthawi zonse ndi mbuli yakumudzi yosadziwa kutsegula firiji. Mmwenye wa sitolo ndi woumira. Munthu wachibwibwi kapena wolumala amangolowetsedwamo kuti tiseke. Timaseka ndithu, ndipo wina akadandaula timamuuza mawu omwe a Mbatata awauza mayiwa, kuti akukulitsa nkhani. Ojambula a ku MGM aja nawonso ankadziona anthu abwinobwino ongofuna kuseketsa anzawo.

Kachiwala
Achemwali mfundo yanu ndi yomveka, koma pa nkhani ngati ino mukanasankha mwambi wopanda anyani kkkkk.

Mjoni_wa_ku_Germiston
Ine funso langa ndi la ndalama. Aliyense amati The Lion King ya 1994 inalemekeza Africa. Inde, mayina ambiri ndi a Chiswahili, mawu otsegulira aja ndi a Lebo M akuimba Chizulu, ndipo filimu yonse inamasuliridwa m'Chizulu, anzanga kuno amainyadira. Koma mufilimu monsemo mulibe munthu ngakhale mmodzi. Tarzan ya 1999 ndiye anthu alimo, koma onse azungu, pakati pa nkhalango ya ku Africa. Zikuoneka kuti a Disney atadzudzulidwa za mphika uja, njira imene anapeza inali yotichotsamo basi.

Ndiye tamvani izi. Nyimbo ya mkango wogona imene Timon ndi Pumbaa amaimba inachokera ku Mbube, yomwe Solomon Linda anajambula kuno ku Johannesburg mu 1939. Bamboyo anamwalira 1962 ali mmphawi, nyimbo yake ikudyetsa anthu ena kunja. Ana ake anachita kukasuma, nkhani n'kudzatha 2006 pamene kampani yomwe inali ndi umwini wa nyimboyo inavomera kulipira banjalo. Nkhope yanga ioneke pa TV kapena isaoneke, ine ndikufuna ndidziwe kuti cheke chikulembedwa m'dzina la ndani.

Mbatata_Yootcha
Apa pokha a Mjoni tagwirizana. Za ndalama ndimamva msanga.

Kachiwala
Ndipo a Disney atati tsopano tikupatseni mfumukazi yakuda, 2009, Tiana, mbali yaikulu ya filimuyo anakhala ali chule.

Pensulo265
Ndalama ndi pensulo zimayendera limodzi. M'masitudiyo a m'ma 1930 ndi 1940 olemba nkhani ndi otsogolera pafupifupi onse anali azungu aamuna. Akuda ankalowa kudzaimba ndi kudzapereka mawu, akatero n'kutuluka. Cab Calloway ndi Louis Armstrong anaoneka m'makatuni a Betty Boop, koma mu ya Armstrong ya 1932 mutu wake umasinthana ndi mutu wa munthu wodya anthu wa m'nkhalango amene akuthamangitsa anzake a Betty. Woimba wamkulu chotero! Patebulo pomwe ankagwirizana zimenezo panalibe woti n'kunena kuti abale, izi ayi.

Gondwa_Wamkulu
Komatu khungu la wogwira pensulo silimaliza nkhani. Kirikou ya 1998 anapanga ndi Michel Ocelot, mzungu wa ku France amene ali mwana anakhalapo ku Guinea. Mudzi wa mufilimu muja umaoneka mudzi wa anthu, amayi akusinja, ana akusewera kumtsinje, ndipo mfiti ija nayo ili ndi chifukwa chimene inakhalira yankhanza. Mawu anakajambulira ku Dakar, nyimbo ndi za Youssou N'Dour. Chodabwitsa n'choti ku America ndi ku Britain inavuta kugulitsa chifukwa amayi a m'mudzimo ali mawere pamtunda, ndipo iye anakana kuwaveka. Munthuyu anakhala ndi anthu, anawamvetsera. Amene ankajambula mphika uja Africa anangoimvera ku zisudzo za anzawo.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza
Imeneyo ndinaonetsapo ana a sukulu. Poyamba ankaseka maliseche a kamwanako, kenaka kunangoti zii mpaka kumapeto.

Namwino_wa_ku_Leeds
Amake mapasa, tisakusiyeni m'malere. Warner Bros itatulutsa makatuniwa pa DVD inaika Whoopi Goldberg, mayi wakuda wotchuka m'mafilimu, koyambirira, akufotokoza kuti nthabwala zimenezi zinali zolakwika kalelo ndipo n'zolakwika lero, koma kuzichotsa kungakhale kunama kuti sizinachitike. Disney+ nayo mu 2020 inaika chenjezo pa Dumbo, Peter Pan ndi The Aristocats, kenaka inawachotsa ku mbali ya ana aang'ono. Koma chenjezo ndi la ife makolo, mwana sawerenga zimenezo. Ine ndimachita chonchi. Za mphika ndi za gulu la 11 lija sizilowa m'nyumba mwanga mpaka adzafike ku sekondale, pamenepo tidzaonera limodzi ngati phunziro. Tom and Jerry amaonera ine ndili pafupi, ikafika pa nkhope yakuda ndimaimitsa n'kumufunsa kuti waseka chiyani. Peter Pan ndimateronso pofika pa eni nthaka a ku America aja, omwe anawapaka kufiira n'kuwayankhulitsa ngati makanda. Si ife tokha amene tinajambulidwa moipa. Amphaka a maso opendekeka a mu Lady and the Tramp anzanga a ku Asia kuntchito kuno sawaseka.

Mbatata_Yootcha
Kuimitsa katuni kuti mufunse mafunso? Mwana ameneyo ndamumvera chisoni.

Namwino_wa_ku_Leeds
Amanyinyirika, koma amayankha.

Mayi_wa_Mapasa
Zikomo nonse, ngakhale a Mbatata omwe. Usiku ndinakhala pansi ndi laputopu, ndachotsa angapo omwe nthabwala yake yonse yagona pa khungu, ena ndawasiya. Mtsikana wanga ndamuuza kuti mayi aja nyumbayo ndi yawo monga anenera Madala, komanso kuti anthu amene anajambula zimenezi ankakonda kuseka anthu akuda, ndipo si zabwino. Tsopano pa flash patsala malo. Ndiikepo chiyani choti aone anthu ofanana nawo?

Wa_ku_Chipata
Supa Team 4, ili pa Netflix kuchokera 2023. Anaiyambitsa ni Malenga Mulendema wa kwathu kuno, ni ya atsikana anayi a sukulu mu Lusaka ya mtsogolo. Mwana wanga atamva dzina la Lusaka mu katuni anaitana nyumba yonse. Kwa ang'onoang'ono kuli Tinga Tinga Tales, yojambulidwa ku Nairobi, nthano za nyama monga zathu zija. A ku Zimbabwe naonso anapanga The Legend of the Sky Kingdom mu 2003, zidole zake za mawaya, zitini na zinthu zotola kudzala.

Mjoni_wa_ku_Germiston
Supa Team 4 yomweyo anaipanga ndi Triggerfish ya ku Cape Town pamodzi ndi kampani ya ku London, ndalama za Netflix. Funso langa lija likadalipo.

Pensulo265
Likadalipo chifukwa katuni ndi yodula. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ngakhale mutachepetsa n'kumajambula 12, katuni ya mphindi 7 ngati ya Tom ifuna zithunzi zoposa 5,000, osawerengera za kumbuyo, mawu ndi nyimbo. MGM inali ndi khamu la ojambula olipidwa ndi gulu lathunthu la oimba. Komabe Moustapha Alassane wa ku Niger ankapanga makatuni m'ma 1960 ndi zipangizo zochepa, ina ya pulezidenti wa achule wopita kukacheza kunja. Lero pulogalamu ya Blender ndi yaulere. Ine ndi anzanga tinayamba ya Kalulu ndi chitsime, timajambula magetsi ndi maganyu zikatilola. Chatiimitsa pano si kujambula, ndi mawu. Kalulu aziyankhula Chichewa cha kuti? Wina akuti cha ku Lilongwe, wina akuti cha ku Blantyre. Titamupatsa Fisi kayankhulidwe ka kwawo kwa mnzathu wina, iye anangotseka laputopu yake n'kumapita.

Nachisale_Area25
Mwaona nanga?

Mbatata_Yootcha
Fisi ndimuyankhulira ine, mwaulere, bola dzina langa lilembedwe kumapeto.

Mjoni_wa_ku_Germiston
Mwaulere? A Mbatata, za Solomon Linda zija simunawerenge eti?